Sikirini Imene Anazimitsa Bambo a Mapasa

Miyezi isanu ndi inayi bambo a mapasa anali pakhomo chichotsedwere ntchito. Amene analawapo ulova akudziwa: umayamba kusesa posesa kale kuti anthu asakuone uli chikhalire. Ndiye itafika kalata yoti kampani ina yonyamula katundu ikufuna kucheza nawo pa kompyuta Lachinayi, pa ntchito yoyang'anira ofesi, mitima ya m'nyumba monse inakhala m'mwamba.

Laputopu anali nayo, koma sikirini yake inali yaing'ono, maso awonso anali atayamba kutopa. Mlamu wawo, mlongo wa mayi a mapasa, amene ntchito yake ndi yokonza makompyuta, anabwera Lachiwiri atanyamula sikirini yaikulu. Anaiika pathebulo la pabalaza, kumanzere kwa laputopu, nalumikiza chingwe, natsegulirapo pulogalamu yochezera.

"Alamu, ziwirizi tsopano zili ngati thebulo limodzi lalitali," anatero. "Nkhope za anthuwo muziziona pa yaikuluyi, zolemba zanu pa yaing'onoyi. Koma pali zinthu ziwiri zoti ndikulongosolereni."

"Basi alamu, zikomo. Ine kompyuta ndinayamba kuigwira inu mukuyamwa chala."

"Mphindi zisanu zokha."

"Ndati ndithana nazo."

Mlamuyo anayang'ana mlongo wake, natola chikwama, n'kumapita. Tisawanamizire bambowa, sanali munthu woipa. Kungoti ulova unali utawadya, ndipo kuphunzitsidwa ndi mlamu wamng'ono pamaso pa mkazi wawo kunawawawa ngati tsabola m'maso.

Lachitatu anayeserera okha. Pulogalamu ija anaikonza kuti izingolowa yokha osafunsa, ndipo mpaka pamenepo zinayenda. Chinawazunguza mutu ndi kamuvi ka mausi. Sikirini inali kumanzere, koma kompyuta inkaiwerengera kuti ili kumanja. Akakankhira kamuvi kumanzere, kankangogunda m'mphepete. Akakankhira kumanja, kankasowa, n'kukatulukira kutali uko pa sikirini yaikulu.

"Bwanji osangowaimbira alamu anu?" anafunsa mayi a mapasa.

"Kuti akandiseke ndi anzawo kuntchito? Iyayi."

Lachinayi m'mawa mapasa atapita kusukulu, bambo anavala jekete ndi tayi. Kumunsi anasiya kabudula wa pakhomo ndi masilipasi, poti kunkatentha ndipo kamera imalekezera pachifuwa. Kucheza kunali koyamba teni koloko. Kutatsala mphindi zitatu, kamuvi kaja kanasowanso.

"Chinthu ichi chindichititsa manyazi pamaso pa anthu," anatero, nadina batani lozimitsira sikirini yaikulu. "Ndigwiritsa yangayi imene ndinaizolowera."

Chingwe anachisiya chilumikizire.

Anadina polowera. Palibe chinaoneka. Anadinanso, zii. Pamwamba pa laputopu panangoyaka kanyali kakang'ono pafupi ndi kamera, koma munthu wamantha saona zazing'ono. Teni inakwana. Mphindi zisanu zinadutsa. Bambo anaimirira, nayamba kuzungulira pabalaza, masilipasi ali phwa phwa.

"Anthu awa ndi otani? Kumuitana munthu n'kutseka chitseko! Kampani yosadziwa nthawi chonchi, ndikangolowa ndiyamba ndi abwana awo, ndiwaphunzitse kuwerenga wotchi!"

Mkwiyo wa munthu wa mantha sukhalitsa. Posakhalitsa anadzigwetsa pampando, manja kumutu. "Mayi a mapasa, ikandiphonya iyi, ana ndiwauza chiyani?"

Mayiwo anali ataimba kale foni kwa mlongo wawo, naikweza mawu kuti onse amve.

"Sikirini yaikulu ndi yoyaka?" anafunsa mlamu.

"Azimitsa."

"Chingwe achotsa?"

"Ayi, chilipo."

"Mayo ine! Achemwali, kuzimitsa nyali m'chipinda sikugumula chipinda. Kompyutayo ikudziwabe kuti sikirini ilipo. Zithunzi zikupita komweko, mawu komweko. Pamwamba pa laputopu pali kanyali koyaka?"

Mayi anasuzumira. "Kalipo."

"Auzeni akhale chete. Ayatse msanga."

Bambo anadina batani lija. Sikirini inawala, ndipo panaoneka nkhope zitatu zili duu, zikuwayang'ana. Bambo wina kumapeto anali atagwira pakamwa. Pakati panali mayi wa magalasi, amene ankatsogolera kuchezako.

"Mwafika tsopano, bambo," anatero mayiwo mosakweza mawu. "Ife takhala tikukuonani ndi kukumvani kwa mphindi khumi ndi ziwiri. Takuitanani, takulemberani, koma ayi ndithu."

Bambo a mapasa anafuna nthaka itang'ambika. Anakoka nsalu ya pathebulo kuti abise mawondo, ngati kuti panali chotsala chobisa.

"Nthawi yanu yatsala pang'ono, pali ena akudikira," mayiwo anapitiriza. "Za wotchi tamva. Tikufunsani funso limodzi limene tikufunsa aliyense. Mukakumana ndi chinthu chimene simukuchidziwa muofesi, mumatani?"

Yankho lake anali atalilemba dzulo lake, linali pomwepo pa sikirini yaing'ono, mawu okoma ndithu. Analiyang'ana. Anayang'ana mkazi wawo, amene anaima pakhomo la kukhitchini foni ili m'manja.

"Ndimafunsa," anatero chapansipansi.

Mayi wa magalasi anawayang'ana kanthawi, nalemba kanthu papepala, nawathokoza.

Kalata inafika Lolemba, yaifupi, yaulemu: ntchito yapita kwa wina. Mapasa atabwera kusukulu n'kufunsa kuti adadi ayamba liti, mayi awo ndiwo anayankha, poti bambo anali atalowa kuchipinda.

Loweruka mlamu anabwera kudzatenga sikirini yake. Anapeza ikadali pathebulo.

"Isiyeni kaye, alamu," anatero bambo a mapasa, maso ali pansi. "Kuli kampani ina ndalembera. Zinthu ziwiri zija, tandiuzani."

Mlamuyo sanaseke, ndipo pa chimenechi ndimamulemekeza. Anakoka mpando, natsegula pamene kompyuta imaonetsa masikirini awiri ngati timabokosi, nakokera kabokosi kachiwiri kuchoka kumanja kupita kumanzere. Kamuvi kanayamba kuwoloka bwinobwino, kumanzere kukhala kumanzere.

"Choyamba ndi chimenecho. Chachiwiri, mukafuna kutsala ndi laputopu yokha, muzichotsa chingwe, osangozimitsa."

"Basi?"

"Basi."

Bambo a mapasa anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mphindi zisanu zija zinali zisanakwane n'komwe. Anayamba kuyendetsa kamuvi uku ndi uku.

Akuluakulu sanalakwe: safunsa anadya phula.