Mkamwini Amene Anaphunzira Mankhwala Maso Ali Pansi

Kalekale, kuseri kwa phiri la miyala yoyera, kunali kamudzi kena. Kunalibe msika, kunalibe mtsinje waukulu, kunalibe ng'ombe. Koma kunali sing'anga, ndipo anthu ankachokera kutali kudzawafuna. Dzina lawo aNangondo, mayi wamkulu wa msana wopindika ndi maso akuthwa ngati a kabawi.

ANangondo anali ndi mwana mmodzi, Mwatitha. Mwatithayo anakwatiwa ndi Lufeyo, bambo wa imvi zoyamba kutuluka kundevu, amene anabwera kudzakhala chikamwini pamudzipo. Pakamwa pa Lufeyo panali potsekemera, m'manja mwake munali mosalala. Kukacha, msana. Mvula ikagwa, mutu. Anzake akamabwerako kumunda, iye wachira, ali pabwalo kufunsa ngati kwaphikidwa.

Tsiku lina aNangondo anatuma mwana wawo kuti akauze mwamuna wake mawu. Anati mvula ikadzagwa iye alibe ntchito m'manja, adzakulunge mphasa yake abwerere kwa amake. Lufeyo atamva, thukuta linatuluka. Kwawoko anali atawatopetsa kale, ndipo amalume ake anamuperekeza ku ukwati akuimba nyimbo. Akachoka pano, analibe kolowera.

Ndiye anakhala pansi n'kuyamba kusankha ntchito. Osula amapsa zala. Oluka malichero amachekedwa ndi nsungwi. Osaka amathamangitsidwa ndi njati. Koma sing'anga amangokhala pamthunzi, nkhuku n'kumabwera zokha, zomanga kale miyendo. Anauza mkazi wake kuti iye kuyambira ubwana wake mtima unali pa mankhwala. Mwatitha anamuyang'ana, anayang'ana manja akewo, n'kupita kukanena. ANangondo anavomera, poti analibe wowanyamulira khasu kutchire.

Tsono inu a masiku ano mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu, mwina simungamvetse. Masiku amenewo mkamwini sankayang'ana apongozi ake kumaso. Mukakumana panjira, wina ankapatukira muudzu. Polankhulana, wina ankayang'ana kum'mawa, wina kumadzulo. Ndipo Lufeyo, ngakhale anali waulesi, ulemu wokhawo anali nawo wochuluka, poti ulemu sutopetsa.

Analowa m'tchire, aNangondo patsogolo, Lufeyo kumbuyo uko, khasu paphewa, maso pansi. ANangondo anaima n'kuloza ndi ndodo.

"Uwu ndi muwawani, wa m'mimba. Mwauona, apongozi?"

"Ndauona, amayi," anatero Lufeyo, akuyang'ana zala zake za kumapazi.

Analoza mlombwa, iye ndauona. Analoza mpoza, iye ndauona. Kuti aone mtengo anayenera kutsata ndodo, ndodo inali m'dzanja, ndipo dzanja silikhala kutali ndi nkhope. Pokumba, aNangondo ankakumba okha, poti muzu wa mankhwala suzulidwa ngati chinangwa. Akawerama, Lufeyo ankafulatira mwaulemu. Kudzutsa mutu kunali chipongwe. Kunena kuti sindinaone kunali manyazi. Kunama kunali kopepuka.

Mayina okha anawaloweza ngati nyimbo. Madzulo ankawatchula pabwalo motsatana mpaka anthu kugwira pakamwa. Koma mukanamuika pakati pa mlombwa ndi mtengo wa papaya, akanapempha kaye nthawi yoganiza.

Chitsamba chimodzi chokha ndicho ankachidziwa. Kunabwera munthu wodzimbidwa ndi nyama ya paukwati, mimba ili ndi ndi ndi ngati ng'oma, ndipo tsiku limenelo msana wa aNangondo unakana kuwerama. Anagogoda pansi ndi ndodo, anati kumbani apa, iwo n'kusendera patali. Lufeyo anakumba yekha. Unali muzu wotsuka m'mimba, wowawa ngati ndulu. Wodzimbidwa uja anamwa, anathamanga, anachira.

Posakhalitsa kunabwera uthenga wa maliro a mlongo wawo wa aNangondo, kutsidya kwa phiri. Ananyamuka ndi Mwatitha. Pochoka anasiya mawu akuti odwala akabwera, adikire kapena awatsate kumaliroko, ndipo mphika wa mankhwala usakhudzidwe. Lufeyo anavomera ataweramitsa mutu.

Fumbi lawo lisanakhazikike, iye anali atatenga khasu. Anakumba muzu wake uja wambiri, anauphika mumphika waukulu, anavala mikanda m'khosi, n'kukhala pansi pa mkuyu miyendo itapingasa. Anati mumtima mwake: apongozi akamabwera apeze khola ladzaza, tione amene akulunge mphasa.

Woyamba kufika anali aKamoto, mkulu wa bondo lotupa, woyenda ndi ndodo. Anafunsa aNangondo. Lufeyo anawauza kuti ntchito yonse anasiyira iye, n'kuwatchulira mayina a mitengo mpaka mkuluyo anakhala pansi. Anatunga m'chikho, anati uwu ndi muwanga wa mafupa.

Koma ntchito imeneyi inali ndi lamulo lake, ndipo aliyense ankalidziwa. Sing'anga sapereka chikho asanalawe yekha wodwala akuona, kuti zidziwike kuti mulibe choipa. Lufeyo ananyowetsa milomo n'kupereka. AKamoto sanatambasule dzanja.

"ANangondo amameza, ife n'kuona kholingo likuyenda," anatero mkuluyo.

Lufeyo anameza.

Kunabwera wa mutu. Anatunga mumphika womwewo ndi chikho china, anati uwu ndi mlombwa, anameza, n'kupereka. Kunabwera aNachanza, mayi wodandaula kuti amuna awo sakhalitsa pakhomo. Anatunga ndi chikho chachitatu, anati uwu ndi mpoza wobweza mwamuna, mukawathirire m'thobwa. Anamezanso. Wodwala aliyense ankamwa kamodzi n'kumapita. Sing'anga ankamwa ndi aliyense.

Dzuwa lili pamutu, m'mimba mwa Lufeyo munagunda ngati mvula ya chizimalupsa. Anadzuka bwinobwino, anatola khasu, anauza anthu kuti akukakumba muzu wina wosowa. Atangodutsa nkhokwe, analiyatsa liwiro. Anthu anayang'anana. Anati aNangondo amapita kutchire chokwawa, koma uyu amathamangira odwala ake. Lufeyo anabwerako thukuta lili kamukamu, maso ofiira, mawu akunjenjemera. Anthu anati mizimu yamugwira. Anakhala pang'ono, anamwetsa wina, anatolanso khasu. Anthu anati taonani khama.

Ndipo mbiri inakula yokha. AKamoto, amene anatha zaka akuyenda ndi ndodo, anaoneka akulumpha mizere ya mbatata kulowera kuthengo, ndodo ataiiwala pakhonde. Wa mutu uja anaiwala zoti ali ndi mutu. Amuna a aNachanza sanapitirire kuseri kwa nyumba yawo. Kutacha, pansi pa mkuyu panali anthu ngati pamsika, nkhuku zili mbwee. Koma mwa nkhuku zonsezo Lufeyo sanadyepo ngakhale chiwindi. Ankangoziyang'ana, mikanda ikulendewera pakhosi lowonda.

Ali pakati pomwetsa, anthu anapatuka kupereka njira. Anafika mayi wachilendo, aNamaseko, fumbi mpaka m'mawondo, khanda kumsana. Anagwada, anaika nkhuku pansi, n'kumasula mwanayo. Anati mwanayo watsegula m'mimba kuyambira dzana, ndipo iwo amva panjira kuti kuno kuli sing'anga woposa aNangondo. Kamwanako maso anali atalowa. Liwombo linali litalowa. Kulira kanali katasiya.

Dzanja la Lufeyo linatunga lokha mumphika, poti linali litazolowera. Kenaka linaima m'malere. Pa dziko lonse panalibe munthu wodziwa ntchito ya muzu umenewo kuposa iye. Wamkulu unkamuthamangitsa. Kamwana aka ukanakamaliza dzuwa lisanalowe.

Anayesa nzeru. Anati nkhukuyi ndi yoyera, mankhwala ake amafuna yakuda. Munthu wina anathamanga n'kubwera nayo yakuda. Anati mphikawu wazizira, ufunika kuwiranso. Amayi ena anasonkhezera moto, unawira. Anati mizimu ikuti mubwere mawa.

"Mawa ndidzabwera ndi nsalu yokha, ang'anga," anatero aNamaseko motsitsa mawu. "Mwetsani mwana."

Maso a anthu onse anali pa chikho. Lufeyo anayang'ana nkhuku zija. Anayang'ana nyumba yake, mmene munali mphasa. Anayang'ana kamwanako. Ndiye anapendeketsa chikho, mankhwala n'kutayikira m'dothi.

"Amayi, ine sindidziwa," anatero. "Mumphikamu muli muzu umodzi, wotsuka m'mimba. Ndi womwewo ndamwetsa aliyense. Mitengo ndimaidziwa mayina okha."

Panabuka phokoso ngati njuchi zaponyedwa mwala. AKamoto anafunafuna ndodo yawo kuti amuphwanye nayo, n'kukumbukira kuti ili kunyumba. Ena anayamba kusankha nkhuku zawo. ANamaseko okha sanatukwane. Anangofunsa kuti nanga wodziwa ali kuti.

Lufeyo anawauza kuti ali kutsidya kwa phiri, ndipo njira yachidule akuidziwa. Anavula mikanda, anamanga mimba yake ndi luzi, anakumbatira khandalo pachifuwa n'kuyamba kukwera, mayi wake ali pambuyo. Mimba inamupotokola, iye anapitirira. Tchire lililonse linkamuitana ndi dzina, koma tsiku limenelo sanayankhe.

Anafika pasiwa anthu ali khale. ANangondo anali pakati pa amayi, pakhonde. Mkamwini wolongosoka akanakhala patali n'kutuma munthu, munthuyo n'kutuma mnzake. Lufeyo anangodutsa pakati pa amayiwo, anagwada pamaso pa apongozi ake, n'kuwayang'ana m'maso mwenimweni. Amayi anagwira pakamwa. Mwatitha anafunda nsalu kumutu.

"Amayi, mwana uyu akufa. Ine ndalephera."

ANangondo sanafunse zambiri. Analandira mwanayo, anakhudza paliwombo, anaitanitsa madzi owiritsa ndi kaphala kamadzimadzi. Anamudonthezera m'kamwa pang'onopang'ono, osatopa, n'kuuza mayi wake kuti bere lisachoke pafupi. Lufeyo atangoona kuti mwana ali m'manja oyenera, anamasula luzi lija n'kusowa. Mthunzi utatalika, khandalo linalira. Anthu anati sanamvepo kulira kokoma chotere pamaliro.

Pobwerera kumudzi anapeza anthu akudikira pansi pa mkuyu. Mphasa ya Lufeyo inali itakulungidwa kale, yomanga ndi chingwe, yotsamira pamtengo. Aliyense anafotokoza zake, ena akuloza mimba, ena akuloza tchire. ANangondo anamvetsera onse. Anafunsa mkamwini wawo chimene ankaona masiku onse aja kutchire. Iye anayankha kuti zala za kumapazi, ndipo zimenezo akuzidziwa bwino. Mwatitha anaseka mpaka kukhala pansi.

ANangondo sanaseke. Anati munthu wosiyiridwa mawu n'kuwaponda, wovala mikanda ya eni ake, womwetsa anthu bodza m'chikho, ndi woyenera kupirikitsidwa. Anati nkhuku iliyonse aibweze yekha, khomo ndi khomo, ndipo pakhomo lililonse anene ndi pakamwa pake chimene anamwetsa. Lufeyo anavomera, n'kuyamba kuyenda kukatenga mphasa yake.

"Mphasayo isiyeni, apongozi," anatero aNangondo. "Mitengo ndingaphunzitse aliyense. Koma kunena kuti sindidziwa, anthu akuona, nkhuku ili pamapazi, ndakalamba ndisanapeze woti ndimuphunzitse. Ndipo poti mwandiyang'ana kumaso koma simunafe, mawa muziyang'ana kumene ndodo ikuloza."

Lufeyo anayenda mudzi wonse nkhuku zili m'khwapa. Pena anamutukwana, pena anamuseka, pena anamutsekera chitseko n'kulandirira nkhuku pazenera. Atafika kwa aNachanza, mayiyo anamukokera kuseri kwa nkhokwe n'kunong'ona kuti amuna awo ayambanso kuyenda, kodi kamuzu kaja katsalako? Nkhuku asabweze, awonjezeranso ina. Lufeyo anameza malovu, poti nkhukuyo inali yonona. Koma anawauza kuti mwamuna si matenda, ndipo munthu samwetsedwa chinthu asakudziwa. Anaiika pansi n'kuchoka osacheuka, misozi ili m'maso.

Mvula inagwa, Lufeyo ali pamudzi pomwepo. Anaphunzira mitengo pang'onopang'ono, wina lero, wina mwezi wamawa, poti ulesi suchira ndi muzu. Sanafike pa aNangondo. Matenda ena ankachiza, ena ankati pitani kwa auje, ena ankati apa ndiye sindidziwa. Anthu anamupatsa dzina loti aSindidziwa, ndipo ankadzaza pakhomo pake kuposa kwa asing'anga odziwa zonse. Ankati ameneyo akanena kuti ichi ndikuchidziwa, imwani osaopa.

Ndiye inu ofuna ntchito ya mankhwala, imvani. Mayina a mitengo sachiza munthu. Mikanda sichiza munthu. Chimene sunaone usati ndaona, ndipo matenda akakukulira, tenga wodwala umuperekeze kwa wodziwa, ngakhale nkhuku ibwerere kwa mwini wake.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata m'phulusa kaphuleni isanapserere, ndipo mukapeza yasowa imodzi musandiyang'ane ine, pakamwa panga panali potanganidwa.