Madigiri 28 a Willard

Willard ankayankha funso lisanathe. Munthu akangoti, “A Willard, kodi...” iye ankakweza dzanja ngati wapolisi woimitsa minibasi n’kunena kuti, “Ndadziwa kale.” Ngakhale wofuna kumuuza kuti zipi ya buluku yatseguka ankalandira yankho lomwelo.

Bungwe lina linamutuma kwa Mponda, ku kalabu ya amayi oweta mbewu ya chambo, kuti akaike kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi. Matanki anali anayi. Tiana ta chambo timene tinali m’menemo ankatidikira Loweruka alimi a ku Katuli, amene anali atakumba kale maiwe awo ndi makasu. Woyang’anira matankiwo anali mayi Mwanamvua. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri iwo ankayeza madzi ndi chigongono, monga achitira mayi asanasambitse khanda.

Pulogalamu ya kachipangizoko anailemba yekha Willard. Olemba mapulogalamu ali ndi kawerengedwe kawo kotchedwa hekisadesimo. Ife timasinthira pa teni, iwo amasinthira pa sikisitini: akafika pa 9 amapitiriza ndi A, B, C mpaka F, ndiye n’kulemba 10. Choncho 20 wawo ndi 32 wathu. Poyesa kachipangizoko ku ofesi, Willard anaika chilembo x m’pulogalamumo pamene pamakhala chilembo d, kuti manambala azituluka m’kawerengedwe kawoko. Atamaliza anaiwala kubwezera. Thandi, mnzake wa pantchito, anapempha kuti aione kaye pulogalamuyo isananyamuke. Yankho lake mukulidziwa.

Anafika Lachitatu masana, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anaviika waya wa kachipangizoko m’tanki yoyamba, kagalasi kake n’kulemba 20.

“Madigiri 20! Mayi, nsomba zanu zikunjenjemera. Chambo chimafuna 28.”

Mayi Mwanamvua anapinda mkono n’kuviika chigongono. “Madzi awa ndi ofunda kale, bambo. Chisanu mu Okutobala, ku Mangochi kuno? Nanga chikuyenderera m’khosi mwanucho ndi mame?”

“Chigongono sichinapite kusukulu, mayi.”

Analamula kuti matanki onse avundikiridwe ndi mapepala akuda a pulasitiki mpaka nambala ifike pa 28. Che Wadi anavomera msanga. Iwowa anali mwamuna yekhayo m’kalabu ya amayi, ndipo pa chifukwa chomwecho anali wapampando. “Mwanayu wabwera ndi laputopu, Mwanamvua. Iwe wabwera ndi chiyani?”

Lachinayi, atachoka ku swala, pemphero la m’mamawa, mayi Mwanamvua anapeza kagalasi kalemba 1E. Anaimba foni ku Monkey Bay kumene Willard ankagona.

“A Willard, kagalasi kanu kaja kalemba wani, ndiye pambali pake pali...”

“Ndadziwa kale, mayi. Musakhudze chilichonse.”

Foni inaduka. Willard akanangopirira kamphindi, akanamva mawu oti chilembo, ndipo mwina mutu ukanagwira. Mayi Mwanamvua anapita pa tanki yachinayi, imene inabisika kuseri kwa shedi, anachotsa pepala lija n’kuikapo mphasa ya mthunzi. Matanki atatu enawo anali moyang’anana ndi khonde la Che Wadi, amene anakhala pampando kulondera sayansi.

Cha m’ma thu koloko Willard anatulukira atavala malaya oyera. Kagalasi kanali katalemba 28.

“Mwaona? Che Wadi, gwirani foniyi mundijambule. Nambalayo ioneke bwino.”

Anajambulitsa katatu. Kenako anakoka pepala la pa tanki yoyamba ngati nduna ikutsegulira mlatho. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Pamwamba pa madzi panali mbuu, timimba toyera ta tinsomba tokhatokha, ngati wina wakhuthuliramo thumba la mpunga. Tanki yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu sanafune n’kuivundukula komwe.

“Subhanallah,” anatero Che Wadi, chipewa chili m’manja.

Willard anagwada n’kutosa madzi ndi chala.

“Ndi chigongono, bambo,” anatero mayi Mwanamvua. “Chosaphunzira chija.”

Willard anatsegula laputopu, ndipo sanachite kufunafuna. Ka x kaja kanali pomwepo, kali phee. Anawerenga chapansipansi: masikisitini awiri ndi 32, kuphatikiza 8.

“Fote,” anatero.

“Mwati chiyani?”

“Madzi ali pa madigiri 40. Nambala imatuluka m’kawerengedwe kena. Ndi chilembo chimodzi chokha, mayi.”

“Chimodzi chokha! Wallahi, ndaona anthu akuphika chambo ndi nkhuni, ena ndi makala. Wophika ndi chilembo ndamuona lero.”

Willard anafufuta x, analemba d. Sizinatenge ngakhale mphindi. Kagalasi kanaphethira n’kulemba 40.

“Ndakonza,” anatero.

“Mwachita bwino. Konzaninso nsombazo.”

Che Wadi anayamba zoti chilichonse chimachitika mwa chifuniro cha Allah. Mayi Mwanamvua anawadula. “Allah anakupatsani chigongono, Che Wadi. Pepala lakuda sanakupatseni ndi Iye.” Anawatengera kuseri kwa shedi, kumene tiana ta m’tanki yachinayi tinkathamangitsana pansi pa mphasa. Pa alimi anayi alionse a ku Katuli, mmodzi yekha ndiye adzapeza mbewu Loweruka. Atatu enawo adzabwerera ndi zigubu zopanda kanthu, maiwe awo n’kukhala a achule mpaka chaka chamawa, ndipo wokawauza pamaso ndi Mwanamvua, osati mwini laputopu.

Willard anawatsatira, mawu atachepa. “Mayi, ndikhoza kukhala sabata ina. Ndiwonjezera kabelu koti madzi akatentha...”

Mayi Mwanamvua anakweza dzanja ngati wapolisi woimitsa minibasi.

“Ndadziwa kale.”

Anapita kukazula waya m’tanki yoyamba, anaupinda bwinobwino, anaulonga m’chikwama cha Willard pamodzi ndi kachipangizo ndi laputopu, natseka zipi. Anachiika pachipata, kumene kabaza amadutsa.

Akuluakulu sananame: Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.