Dzanja Limodzi la Apongozi

Panali munthu wina, kalipentala, amene anakwatira kutali ndi kwawo n'kukhala pachikamwini. Anali wodziwa mwambo. Akaona apongozi ake aakazi, aNachisale, akubwera panjira, iye ankapatukira kutchire, iwonso ankatembenuka n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Popatsana moni, wina ankakhala kuseri kwa nkhokwe, wina kuno, mawu okha n'kumakumana. Zaka zinapita chomwecho, ndipo pakati pawo sipanagwepo mawu oipa.

Tsiku lina aNachisale akuchokera kumsika, njinga yamoto imene anakwera inaterereka pamchenga, ndipo anamenyetsa mutu pamwala. Anagona m'chipatala nthawi yaitali. Potuluka, mkono ndi mwendo wa kumanja zinali zitafooka. Nzeru zinalipo, maso ankazindikira aliyense, koma mawu ankathera pakhosi.

Mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa odwala kuyenda ndi kulankhula kachiwiri, analangiza abale kuti, "Polankhula nawo muzikhala pamaso pawo, aziona mmene milomo yanu ikuyendera. Aziyendanso tsiku lililonse, munthu wamphamvu atawagwira mbali yofookayi. Mukawasiya pamphasa mwendowu uuma, ndipo ukauma kuuwongola n'kovuta."

Zolankhulazo anazitenga mwana wawo wamkazi, mkazi wa kalipentala uja. Ankakhala nawo pakhonde, kutchula mawu pang'onopang'ono, iwo n'kumayesa kutsatira. Mawu oyamba kubwerera anali akuti "madzi." Achiwiri anali akuti "ayi."

Zoyenda ndiye zinavuta. Mkaziyo anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Ana aamuna anali ku Joni. Mkulu wawo wa aNachisale, amene ankakhala nyumba yoyandikana, anali wodwala mawondo. Amayi a kumpingo ankabwera, koma mvula itagwa aliyense anathamangira kumunda kwake. Pakhomo ponse munthu wa msana wolimba anatsala mmodzi, ndipo anali yemwe uja wosayenera kuwakhudza.

Mkazi wake atawafunsa mayi ake ngati angalole kuti mkamwini aziwagwira, iwo anayankha ndi mawu awo achiwiri aja, momveka bwino kuposa masiku onse: "Ayi."

Kalipentala sanakhale manja lende. Anadula nsungwi ziwiri zazitali, nazikhomera pamitengo kuchokera pakhonde kulowera kumtengo wa mango, kuti apongozi azigwirira poyenda. Ntchitoyo inali yosalala, yopanda kachitsotso. Koma nsungwi ziwiri zimafuna manja awiri. Tsiku lachitatu mwendo wofooka unapindika, aNachisale nagwa pakati pa nsungwizo. Iye anali pafupi, atatembenuzira nkhope kumbali. Atamva kugwako anathamanga, koma atafika pamene anagwerapo anaima, manja ali m'malere. Anaitana mkazi wake, ndipo anaonerera mayi wa pakati akulimbana ndi kudzutsa mayi ake.

Kuyambira tsiku limenelo aNachisale anakana kuimirira. Patapita nthawi, mkazi wa kalipentala powasambitsa anaona kuti phazi layamba kukhotera mkati.

Kalipentala anapita kwa mkulu wawo wa aNachisale uja kukapempha nzeru. Mayiyo anamva zonse, nati, "Bambo, ine ndaona makomo ambiri. Mkamwini akazolowerana ndi apongozi, mawa amayankhizana ngati ana a pabwalo. Inu munamvapo phokoso pakhomo pano? Chakusungani n'chimene mukufuna kugwetsachi."

Mkazi wake anali pakhomo akumvetsera, ndipo anati, "Nanga ulemuwo, amayi aakulu, uwafikitsa kuchimbudzi?"

"Iwe yamba wabereka, ndiye udzatiphunzitse."

Kalipentala anabwerera kunyumba. Mumtima ankadziwa kuti mayi wachikulireyo sananame. Mtendere umene anaudya pamudzipo unachokeradi ku mtunda umene iye ndi apongozi ake ankasiyirana. Ankadziwanso kuti aNachisale anali atataya zambiri: mkono, mwendo, mawu. Chimene chinawatsalira chinali ulemu wawo, ndipo kuwalanda umenewo sikunali kopepuka. Koma akaganiza za phazi lija, ankaona kuti mtunda womwewo ndi umene unali kuliumitsa.

M'mawa mwake anavala malaya a kutchalitchi. Sanadzere kuseri kwa nkhokwe. Anadutsa pabwalo, nafika pamaso pa apongozi ake amene anakhala pampando pakhonde, nagwada, nawomba m'manja. Iwo msangamsanga anakweza nsalu ndi dzanja lamanzere n'kuphimba nkhope.

Iye anati, "Amayi, zaka zonsezi ndakulemekezani ndi msana wanga. Lero ndikupempha mundilole ndikulemekezeni ndi phewa. Mukakana ndibwerera kuseri, ndipo sindidzaitchulanso nkhaniyi."

Atatero anasendera mbali yofooka ija, natsitsa phewa, nadikira.

ANachisale anali ndi dzanja limodzi lomvera, ndipo dzanja limenelo linali litagwira nsalu. Kuti adzuke, linayenera kusiya nsaluyo n'kugwira phewa. Zonse ziwiri silikanatha. Kuseri kwa nsalu kunamveka kupuma kwa munthu amene akufunafuna mawu. Kalipentala anaganiza kuti akubwera ndi "ayi" uja, ndipo anakonzeka kuchoka.

Kenako nsalu inagwera pamiyendo. Dzanja linadutsa pachifuwa pawo n'kugwira phewa lake mwamphamvu, ngati la munthu wowoloka mtsinje. Milomo inanjenjemera, inalephera, inayesanso.

"Ti... tiyeni."

Iye anawakoleka mkono m'chiuno, nadzuka nawo. Sanawayang'ane kumaso. Maso ake anali pa mapazi awo, monga anazolowera, ndipo kumeneko n'kumene ankafunika. Tsiku limenelo sanafike pamtengo wa mango. Anathera pakati pa njira, onse awiri thukuta lili kamukamu.

Mkulu wawo uja anaona zonse ali pakhomo pake, nalowa m'nyumba. Koma mawa lake pansi pa mango panapezeka mpando wake, atauika poti odwala akafika apumulirepo.

Mkono wa aNachisale sunabwerere mwakale, ndipo mawu awo anatsala olemera. Koma dzinja litatha anayamba kuyenda okha ndi ndodo. Tsiku lina anakumana ndi mkamwini wawo panjira ya kuchigayo. Anaima, natsamiritsa ndodo pantchafu, nakweza nsalu kuphimba nkhope. Iye anapatukira kutchire monga kale.

Inu amene mukusamala wodwala wotere, musafulumire kunyoza mwambo, pakuti unaikidwa kuti usunge anthu, ndipo ambiri wawasungadi. Musafulumirenso kubisala kuseri kwake pamene mwendo wa m'bale wanu ukuuma. Funsani kuti mwambowo ukusunga ndani lero. Ndipo mukapeza yankho, kumbukirani kuti kalipentala sanakoke nsalu ija. Anatsitsa phewa, nadikira. Wodwala wanu mwina watsala ndi dzanja limodzi ndi mawu awiri. Sendezani phewa pafupi, koma chosiya ndi chogwira asankhe yekha.