Chithunzi Chokana Kufufutika

Pa ofesi ina yojambula mapulani a nyumba panali bambo amene anzake ankangomutchula kuti Phwete, chifukwa pomwe iye wakhala anthu ankafa nalo phwete. Pa ntchito dzanja lake linali labwino, koma nthabwala zake sizinkaona nkhope. Mwini ofesiyo anali mayi wachikulire wosalankhulalankhula, ndipo onse ankangowatchula kuti Amayi. Ndiwo adamutola Phwete alibe ndi pepala lomwe la sukulu ya ntchitoyi, n'kumuphunzitsa mpaka kukhwima.

Tsiku lina pamsonkhano wa Lolemba, Amayi anagwidwa ndi tulo ali pampando, mutu utapendekeka, kukamwa kuli yasa, magalasi atatsetserekera kumphuno. Phwete anawajambula pafoni mwakabisira. Pansi pa chithunzicho analembapo kuti "Ntchito ili mkati," n'kuchiika kukhala chithunzi chakumbuyo pa sikirini yaikulu ya patebulo pake, imene ankailumikiza ku laputopu yake ndi chingwe. Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Patapita masiku awiri anachichotsa, n'kuikapo chithunzi cha ana ake, nkhaniyo n'kuiiwala.

Makinawo ndiwo sanaiwale. Patatha miyezi ingapo laputopu ija inayamba kakhalidwe koipa. Ikakhala payokha, ana ake ankamwetulira bwinobwino. Koma akangolowetsa chingwe, sikirini yaikulu inkathima kaye, kenaka n'kuyaka ndi Amayi ali yasa, nkhope itakokeka m'mbali ngati mphira. Akachisintha chinkabwerera. Anachifufuta m'foni ndi m'laputopu momwe, koma akazula chingwe n'kulowetsanso, Amayi aja ndi awa.

Sabata yomweyo Amayi anamuitana. Akuluakulu a sukulu ina ankabwera Lachisanu kudzaona mapulani a makalasi atsopano, ndipo Amayi anafuna kuti aonetse ndi iyeyo. Anamuuzanso kuti zikayenda bwino, akhala mkulu wa ojambula onse. Udindo umenewu Phwete anali atauyembekezera zaka zisanu ndi ziwiri.

Anatuluka akusangalala, koma posakhalitsa anakumbukira chithunzi chija. Anapita kwa mayi wokonza makompyuta, amene kachipinda kake kanali kumapeto kwa khonde, kodzaza zingwe ndi makiyibodi akufa.

"Achemwali, laputopu yanga ikumabweretsa chithunzi chakale ndikailumikiza ku sikirini ina. N'chiyani chimenechi?"

"Zimachitika zimenezo, achimwene," anayankha mayiyo osadzutsa n'komwe mutu. "Makinawa amasunga kakope kawo mkatikati, sikirini iliyonse ndi chithunzi chake. Isiyeni pano, ndiilumikize ndione chomwe ikutulutsa. Pofika masana mudzatenga."

Kuti aone! Mayi ameneyu ankadya limodzi ndi Amayi masana alionse. Phwete anaikumbatira laputopu ija ngati mwana wodwala.

"Ayi, ndibwera nayo mawa. Lero ntchito yandipanikiza."

"Lachisanu si ndinu mukuonetsa mapulani? Sikirini ya m'chipinda cha misonkhano ndi yamakani kuposa yanuyo, ndipo chingwe chake n'chogwedera. Musadzati sindinanene."

Mawa lakelo silinafike. Kubwereka laputopu ya mnzake sakanatha, poti pulogalamu yoonetsa nyumba mbali zonse inali pa yake yokha. Kuulula kwa wamakompyuta kunali kosavuta, mphindi imodzi ya manyazi basi, koma munthu wozolowera kuseka anzake amaopa kwambiri kusekedwa. Ndiye anapeza nzeru yakeyake: kulumikiza chingwe kulibe munthu, n'kukulitsa pulani mpaka kudzaza sikirini yonse. Chithunzicho chinkatsalira kuseri, ngati zinyalala zosesera kunsi kwa mphasa.

Lachisanu analowa m'chipinda cha misonkhano ola lathunthu anthu asanabwere. Anatseka chitseko, n'kulowetsa chingwe. Sikirini ya pakhoma, yaikulu ngati chitseko chogoneka, inathima kenaka n'kuyaka, ndipo Amayi anadzaza khoma lonse. Mwachangu anawaphimba ndi pulani, n'kukhala pansi kudikira, maso ali pa chingwe chimene chinkadutsa pansi kuchokera patebulo kukafika kukhoma.

Alendo anabwera anayi, pamodzi ndi wapampando wawo, bambo wamtali wa mawu aakulu. Amayi anakhala kutsogolo, pafupi ndi sikirini. Phwete anayamba kufotokoza, ndipo zinkayenda. Anaonetsa mazenera olowetsa mphepo, khonde la mthunzi, ndi polowera ana oyenda pa njinga za olumala. Alendo ankagwedeza mitu. Amayi anamuyang'ana kamodzi ndi diso lonyadira, iye n'kuyamba kupuma bwino.

"Taimani kaye pamenepo," anatero wapampando uja akudzuka. "Zimbudzizi zatalikirana bwanji ndi makalasi? Ndione pafupi."

Anaponya phazi limodzi, lachiwiri linakola chingwe. Sikirini inangoti bii. Pulani ija inathawira pa laputopu, monga inkachitira nthawi zonse chingwe chikazuka, ndipo Phwete anadziwa chimene chitsale pakhoma chingwecho chikabwerera.

"Pepani, pepani," anatero wapampando.

"Palibe vuto, bwana," anatero Phwete. "Tingoonera pa laputopu pompano. Bwerani pafupi nonse."

"Anthu asanu ndi mmodzi pa kasikirini kameneko?" anafunsa Amayi. "Chingwe changozuka basi."

"Amayi, musavutike, ndipanga ndine..."

Koma tebulo linali pakati, ndipo Amayi anali atawerama kale. Anatola chingwe chija ndi dzanja lawo, n'kuchilowetsa.

Khoma linayaka. Kukamwa kuja kunatambalala kuchoka mbali ina kufika mbali ina, magalasi ali pamphuno, ndipo pansi pake panali mawu aja m'zilembo zazikulu. Mlendo mmodzi anatsokomola, wina anayamba kuyang'ana zikhadabo zake. Phwete anafuna kuphimba, koma kamuvi ka pa sikirini kankangoyendayenda pankhope ya Amayi.

Amayi anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenaka anabwerera pampando wawo.

"Pitirizani, bambo," anatero. "Alendo afunsa za zimbudzi."

Mmene anamalizira, Phwete mwini sakudziwa mpaka lero. Alendo atatsazika, anatsala awiriwiri. Phwete anagwada pansi pomwepo.

"Amayi, ndinalakwa. Zinali nthabwala chabe, zakalekale."

"Dzukani. Tsikulo ndikulikumbuka, diresi imeneyo sindinaivalenso. Ndinachokera kuchipatala molunjika kubwera kuno, nditatha masiku anayi pampando, pambali pa bedi la bambo akunyumba. Sindinauze aliyense, chifukwa sindinkafuna kuti ntchito iime. Loweruka lake ndi lija anatisiya." Anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. "Inu munabwera kumaliro. Bokosi munanyamula nawo, ndipo ndinauza abale anga kuti uyu ndi mwana wanga wa kuntchito."

Phwete anadzuka. Akanakonda akanamulalatira, kapena kumuponyera kalata yomuchotsa ntchito, koma Amayi sanakweze mawu.

"Amene anaseka nawo ndi angati?"

"Onse, Amayi."

"Chabwino. Ntchito sindikuchotsani, muli ndi ana. Koma anthu sindingawaike m'manja mwanu. Mapulani a sukuluyi mupereke kwa mnzanu wa tebulo lapakona, ndiye atsogolere. Laputopuyo mupite nayo ikakonzedwe."

Wamakompyuta anailumikiza, anaona chithunzicho, n'kuchichotsa. Ntchito yonse inamutengera mphindi makumi awiri.

Phwete akadali pa ofesi pomwepo, patebulo lomwelo, akulandira malangizo kwa mnzake wa tebulo lapakona uja, amene iye mwini adamuphunzitsa kugwira ntchito. Amayi amamupatsa moni mwaulemu m'mawa uliwonse, ndipo ulemu umenewo ndi umene umamupweteka koposa. Chimene iye anachichita mwamseri pofuna kuseketsa anzake chinadikira miyezi yonseyo mkati mwa makina, mpaka chinamupeza pa tsiku limene ankati akwere. Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini.