Mpunga wa Sitima Yofiira

"Kodi mpunga umasankha pakamwa?" anafunsa Kinue uku akupakula. Mwamuna wake, Tomeji, anangopitiriza kuyala nsomba yootcha m'timabokosi tamatabwa ngati sanamve.

Kwa zaka khumi ndi zisanu banjali linkadyera pasiteshoni. Masana aliwonse sitima yofiira, yosongoka kutsogolo ngati mutu wa nsomba, inkapumirapo mphindi zitatu pa ulendo wake wa pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu, ndipo Tomeji ankathamanga ndi thireyi pakhosi kugulitsa chakudya kwa mabwana a mataye. Isanafike iyo, pankaima sitima ya anthu wamba, yodzaza amayi a malonda a nsomba ndi masamba. Amenewo Tomeji ankawamana.

"Zasungidwa izi," ankatero, akuvindikira thireyi ndi nsalu.

"Zasungidwira mfumu iti, a Tomeji?" ankafunsa mayi Otoku, mkulu wa amayiwo. "Kapena manja athuwa akununkha nsomba?"

Kinue sankalimbana naye mwamuna wakeyo. Mpunga wotsala mumphika ankauumba timibulu, n'kumakagulitsa kwa amayiwo pawindo la sitima. Tomeji ankati amenewo ndi masanje.

Kenako anthu anaboola phiri, njanji yatsopano inadzera kutali, ndipo kunamveka kuti sitima yofiira ikuleka. Tsiku lomaliza pasiteshoni panalibe poponda. Woyendetsa analandira maluwa, ojambula anakwera mpaka pamipanda, ndipo Tomeji anagulitsa zonse mphindi zitatu zisanathe. Anabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Kutacha, chizolowezi chinamudzutsa, nakonza timabokosi makumi anayi. Kinue anamuyang'ana. Ankadziwa kuti thireyi ikamabwerera yodzaza kwa sabata imodzi yokha, moto wa m'khitchini uzima.

Sitima ya amayi ija itaima, Tomeji anachotsa nsalu yekha.

"Lero tayenera?" anatero Otoku, chigongono chili pawindo. "Sungirani mabwana anu, mwina akubwera wapansi."

Chiseko chinayenda ngolo yonse. Manja onse anatambasukira kwa Kinue, koma iye anaonetsa dengu lopanda kanthu.

"Lero sindinaumbe, amayi. Mpunga wonse uli kwa bambowa."

Otoku anamuyang'ana Kinue nthawi yaitali, mpaka anamvetsa kuti wachita dala. Anakodola Tomeji ndi chala chimodzi, natsegula kabokosi, nalawa, natafuna mosafulumira ngati woweruza mlandu.

"Mchere wachepa. Mabwana anuwo analibe malilime? Bweretsani zina, anzanga ali ndi njala."

Sitima yawo sinkadziwa changu, choncho nthawi inalipo yoti aliyense agule, adye, ndi kunyoza. Pochoka, thireyi inali itapepuka.

Popita kunyumba Tomeji anayenda patsogolo, khosi lili gwa. Atafika pakhomo anaima, osacheuka.

"Mawa uwonjezere mchere," anatero.

Kinue anabisa kumwetulira m'dzanja la malaya. Akale sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.