Pampu ya Nagama ndi Nkhwangwa ya a Chikhosi

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Ina inabadwira kuuzimba, ina pabwalo la milandu, koma uwu unabadwira kuseri kwa nyumba ina ku Nkaya, pakati pa khitchini ndi kachisakasa ka malata.

M'nyumbamo munkakhala a Kamchacha ndi akazi awo Nasibeko. A Kamchacha anagwira ntchito ya njanji mpaka imvi. Atapuma, anzawo anagula ng'ombe, iwo anagula makina akale osemera zitsulo, opalasa ndi phazi ngati makina osokera. Sankadyerapo ayi, kunali kungokonda. Ankatha kuswera tsiku lonse akusema kabawuti kamene palibe anawatuma. Anali munthu wabwino mtima, koma anali ndi nthenda imodzi: pakamwa pawo sipankatuluka mawu akuti ayi.

Chaka china, dzuwa lili loswa mtengo, mlongo wawo Nagama anafika ndi kachitsulo kothyoka m'manja. Kanali ka pampu yopalasa imene ankathiririra dimba lake. Nagama anali wamasiye, ndipo tomato wa m'dimbamo ndiye ankadyetsa ana ake.

"Achimwene, tomato wayamba maluwa," anatero. "Akapanda kumwa madzi sabata ino, ine ndagwa nayo. Ndafunsa m'masitolo monse, akuti kachitsulo aka kulibe."

A Kamchacha anakatembenuzatembenuza n'kuyang'ana mazinga ake, timizere tozungulira tija timene nati imayendamo. Anali oyezedwa m'mamilimita, pamene makina awo achikale ankayenda m'mainchesi.

"Zitheka, chemwali," anatero. "Ndili ndi chitsulo chimodzi chokha choyenera. Mubwere mawa madzulo."

Tsono mvetsetsani apa. Mazinga sasemedwa kamodzi. Kampeni ka makina kamadutsa mumzere womwewo mobwerezabwereza, kakupala pang'onopang'ono mpaka mzere uzame. Pali chogwirira chimene chimalumikiza kampeniko ndi magiya. Posema mazinga a mainchesi, munthu amatha kuchimasula n'kudzachitsekanso, kampeni n'kubwerera mumzere wake. Koma posema a mamilimita pa makina otere, ukachitseka watseka. Ukafika kumapeto umaimitsa makina, n'kubweza kampeni pang'ono, n'kuzunguza gudumu chambuyo ndi dzanja. Ukangomasula, mzere wataya. A Kamchacha ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo ankaphunzitsa ngakhale alendo amene sanafunse.

M'mawa mwake anasintha magiya, n'kumanga chitsulo chija, n'kuyamba kupalasa. Mzere utangoyamba kuoneka, kunamveka "Odi!" Anali a Chikhosi, mnzawo wa kukwaya, atanyamula nkhwangwa.

"Akulu, nkhwangwa iyi ndi yofewa, ikungopindika kukamwa. Tandiwotcherani muiviike m'madzi ilimbe. Ndiipeza pochokera kumsika."

Nasibeko, amene ankatsuka mbale chapafupi, anatsokomola dala. Amuna awo anamva, koma nthenda ija inali itagwira kale.

"Isiyeni, muipeza yatheka," anatero a Kamchacha.

Anasonkha makala pa mbaula panja pa kachisakasa, n'kukwirira nkhwangwa m'makalamo, n'kubwerera pa makina. Diso limodzi linali pa chitsulo, lina pa mbaula. Kwa kanthawi zinayenda, ndipo a Kamchacha anayamba kuimba kanyimbo podziona kuti ndi katswiri. Koma makala anali achinyezi. Utsi unayamba kuchepa, moto n'kuyamba kugona.

"Nasibeko!" anafuula. "Tandiuzirako moto pa mbaulapo!"

Nasibeko anali atagwada m'khitchini, maso ali misozi chifukwa cha utsi, akulimbana ndi nkhuni zaziwisi pansi pa mphika wa thobwa.

"Nanenso ndikuuzira kuno, abambo," anayankha. "Kamwa ndili nalo limodzi. Pawiri pawiri sipauzirika."

Nthawi imeneyo kampeni kanali kakuyandikira kumapeto kwa mzere. Mutu wa a Kamchacha unkadziwa kuti ayenera kuimitsa makina. Koma dzanja limene linazolowera mainchesi moyo wonse silinafunse mutu. Linamasula chogwirira chija, mwini wake n'kuthamangira ku mbaula, gudumu likuzungulirabe lokha m'mbuyo.

Anauzira, anauzira, mpaka makala anayamba kufiira. Anabwerera msanga, n'kubweza kampeni, n'kutseka chogwirira, n'kupalasa. Makina analira kulira kwachilendo. Kampeni sikanalowe mumzere wake. Kanakwera pamwamba pa mazinga n'kuwametera pansi onse kuyambira kumutu mpaka pakati. A Kamchacha anaimitsa makina. Anamasula chitsulocho n'kuyesa nati ya pampu, ndipo nati inangopyola osagwira paliponse.

Anakhala pansi nthawi yaitali chitsulo chili m'manja. Atakumbukira mbaula, anapeza moto utazima, nkhwangwa itada bii, yofewa monga inabwerera.

A Chikhosi atafika sanadandaule kwambiri. Anati aipititsa kwa wosula zitsulo wa kumsika, amene anamudutsa m'mawa uja. Apa m'pamene a Kamchacha anazindikira kuti nkhwangwayo sinali pa changu chilichonse.

Madzulo Nagama anabwera atavala kale zakudimba, poganiza kuti athirira dzuwa lisanalowe. Mlongo wake anamupatsa chitsulo chija. Nagama anachiyang'ana, n'kuyang'ana mbaula yozima, n'kumvetsa yekha.

"Palibe chitsulo china, achimwene?"

"Palibe, chemwali. Mpaka ndikafufuze ku Blantyre."

Nagama sanakalipe. Anangobwereka ndowa ya mlamu wake n'kutsika kudimba. A Kamchacha anamutsatira ndi ndowa ina, ali ndi manyazi aakulu ndi chisoni. Anatunga madzi masiku onse otsatira mpaka misana kuwawa, koma ndowa si pampu. Anapulumutsa mizere ya kufupi ndi chitsime yokha. Pamene chitsulo chatsopano chinkafika, maluwa a tomato wina yense anali atayoyoka, ndipo chaka chimenecho ana a Nagama anakagonera kwa abale.

Nkhaniyi inawanda m'mudzi, ndipo mawu a Nasibeko anawanda nayo. Mpaka lero, munthu akagwira ntchito ziwiri zofuna mtima wake wonse pa nthawi imodzi, akulu amamuuza kuti, "Pawiri pawiri sipauzirika." Tanthauzo lake n'lakuti kamwa limodzi silingayatse moto pa malo awiri. Uli kuuzira uku, uko kukuzima, ndipo mapeto ake umataya konse. Choncho ana inu, mukagwira chinthu chimene wina akudalira, chimalizeni kaye. Wobwera pambuyo mukamuuza kuti adikire amangodandaula pang'ono, koma amene munamulonjeza poyamba ndiye amagona ndi njala.