Ndowa Imene Anaikhalira

Panali mayi wina kumapiri uko, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimang'amba milomo. Anali mtengwa wochokera kutali kuchigwa, ndipo anthu a m'mudzimo ankangomuitana ndi mfunda wake, Nangozo. Mwamuna wake ankacheka matabwa kunkhalango ya kumpoto, kunyumba ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Apongozi ake aakazi anali atamwalira kale. Koma musaganize kuti mayiyu anagwa pakati pa anthu oipa, ayi. Mudzi umenewo unali wa anthu opemphera, odziwa kupereka moni, osajomba kutchalitchi ngakhale mvula igwe chotani.

Mimba yake yoyamba itakwana miyezi isanu ndi iwiri, zinthu zinavuta. Anathamangira naye kuchipatala chachikulu, anamuchita opaleshoni, ndipo kanabadwa kamwana kakamuna kosakwana kilo imodzi ndi theka. Anakagoneka m'kabokosi kagalasi kotenthetsa, timachubu tili m'mphuno. Kwa masabata atatu mayi wake ankangokayang'ana pagalasi, mkaka akufinyira m'kapu. Anamwino analimbana nako, nakonso kanalimba. Kenako anawasamutsira kuchipinda china kumene amaphunzitsa amayi kusunga ana obadwa masiku asanakwane.

Kumeneko Nangozo anaphunzira chinthu chimodzi chachikulu. Mwana wotere alibe kutentha kwakekwake, amachita kubwereka kwa munthu wamkulu. Ayenera kumangidwa pachifuwa, khungu pakhungu, kachipewa kumutu, timasokosi kumapazi, tsiku lonse lathunthu. Mayi akafuna kusamba, mwanayo asamukire pachifuwa cha munthu wina, osati pamphasa. Kuchipatalako zinali zotheka, chifukwa mkulu wake wa Nangozo anabwera kudzamudikirira ndipo ankalandirana.

Tsiku lotuluka, namwino wina wachikulire, wosabisa mawu, anabwereza zonse. Mwana asasambitsidwe kaye. Asamayende m'manja mwa anthu. Wachifuwa asamuyandikire. Mayi asanyamule cholemera mpaka bala litapola. Atatha anamuyang'ana m'maso.

"Kunyumbako alipo okuthandizani? Sindikunena odzakuonani. Ndikunena wotunga madzi, wotola nkhuni, wokulandirani mwanayu pachifuwa."

Nangozo anakumbukira tchalitchi chodzaza ndi gulu la amayi limene iyenso ankalowamo.

"Alipo ambiri, a nesi," anayankha.

Sananame. Analipodi ambiri.

Mkulu wake anamuperekeza mpaka kunyumba. Anakhala masiku atatu, anadzaza madzi m'chilichonse chosadontha, anaunjika nkhuni pakhonde, n'kutsanzika. Simungamunene, ana ake anayi anali atakhala okha mwezi ndi theka. Anachoka Lolemba. Nangozo anasinira madziwo ngati mchere wa chaka cha njala, koma matewera samva zimenezo. Pofika Lachitatu madzi anali atatsala a pansi pa mtsuko. Mjigo unali kutsinde kwa phiri, njira yake yotsetsereka, yadothi lofiira.

Inu mukudziwa kapemphedwe ka mtengwa. Sayenda khomo ndi khomo kunena kuti kanditungireni madzi. Akangotero, mawa lake nkhani ili kuchigayo: mkazi wa uje ndi mlesi, anadzera kutumikiridwa. Ndiye Nangozo atamva kuti amayi a mpingo abwera Lachinayi kudzaona mwana, mtima wake unakhala pansi. Anatenga ndowa yake yaikulu yabuluu, yopanda ndi dontho lomwe, n'kuiika pakhomo penipeni polowera, kukamwa kuli m'mwamba, nkhata pambali pake. Kwawo kumene anakulira, ndowa yoikidwa chotero pakhomo pa mayi wachikuta inkamveka kuposa mawu. Wolowa ankaitola asanakhale n'komwe pansi.

Anabweradi, amayi okwana makumi awiri. Nyimbo inamveka akadali kunjira. Mabulauzi oyera mbee, maduku omanga bwino, mphatso zili pamutu: shuga, sopo, chitenje chatsopano. Patsogolo panali wapampando wawo, Mayi Chimbalanga, munthu wathupi, wamtima wabwino, wovutika ndi mawondo. Mphasa zinaperewera. Mayi Chimbalanga anaunguzaunguza pokhala, maso awo n'kugwera pa ndowa ija.

"Eya, mwandikonzeratu mpando," anatero.

Anaivundikira n'kukhalapo. Onse anaseka. Nangozo nayenso anaseka, nanga akanatani?

Kenako anapempha kuona mlendo. Wina anafunsa chifukwa chake mwana wabisidwa kutsogolo ngati nkhuku yakuba, ndipo chiseko chinabukanso. Nangozo anafotokoza za anamwino, mawu ake otsika. Anamuyankha mwachikondi ndithu, kuti anamwinowo ndi ana aang'ono, iwo abereka asanu ndi awiri, ena asanu ndi atatu, onse kumsana, onse amoyo. Mtengwa wa mwana mmodzi angatsutse amayi makumi awiri ovala zoyera? Anamasula chitenje. Kamwana kanayenda m'manja kuchokera kukhomo mpaka kukhoma, aliyense akukayamikira mphuno ya bambo wake. Mmodzi ankatsokomolera pakona pa chitenje chake, mwaulemu. Pobwerera kwa mayi wake, timapazi tinali titazizira.

Alendo sangachoke kukamwa kuli gwa. Amayi awiri achitsikana anadzipereka kuphika tiyi kuti mwini nyumba asavutike. Anakokolola madzi a mumtsuko muja, anasonkhezera nkhuni zotsala, ndipo tiyi anakoma, poti shuga analipo. Pomaliza Mayi Chimbalanga anapemphera. Linali pemphero labwino, lalitali, logwira mtima. Anapempha Mulungu kuti atumize angelo ake adzathandize mayi wosowa mbale ameneyu. Ine ndimati ndikaganiza za pemphero limenelo ndimapsa mtima mpaka lero. Angelo makumi awiri anali m'nyumbamo, onse ndi miyendo iwiriiwiri, wamkulu wawo atakhalira ndowa.

Potsanzika Mayi Chimbalanga anamugwira dzanja.

"Chilichonse chikakuvutani, mwana wanga, mutiuze. Musachite manyazi."

Nyimbo inatsetsereka phiri. Ndowa inatsala chovundikira.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. M'nyumba munalibe madzi otsukira ngakhale kapu ya mkaka. Matewera anali ataunjikana. Iye mwini kukhosi kunali kouma kuyambira dzulo, ndipo pofinya anaona kuti mkaka wayamba kuchepa. Apa ndiye anachita mantha. Anaima pakhomo kudikira wodutsa. Anadutsadi mayi wina wapafupi, ndowa ili pamutu, n'kufunsa mmene mlendo wadzukira. Nangozo anati wadzuka bwino. Mayiyo anapitirira, za madzi osatchulidwa.

Njira zinali ziwiri, zonse zoipa. Kutsika naye mwana m'kamvula kaja, pa dothi loterera, ndowa yodzaza pamutu? Akanaterereka akanamugwera. Kumusiya? Anadikira mpaka masana kuti mwina dzuwa lituluka. Silinatuluke. Anamasula mwana, anamukulunga m'mabulangete awiri, anamugoneka pakati pa bedi. Ankadziwa bwino lomwe kuti bulangete lilibe moto, limangosunga umene laupeza. Anadziuza kuti sachedwa.

Kumjigo anapeza mzere, ndipo ambiri mwa oima pamzerewo anali omwe aja a dzulo, lero atavala zakumunda. Anamulandira ndi chimwemwe. Anati Nangozo walimba, wayamba kale kutunga, uyu ndiye mkazi, osati atsikana a masiku ano ogona mwezi wathunthu. Munthu amene akutamandidwa kuti ndi wolimba apempha bwanji kuti adutse patsogolo? Anaima pamzere, maso ali kuphiri. Ndowa itadzaza, amayi awiri anamutwika bwinobwino, mmodzi mpaka anamukonzera nkhata. Thandizo lake linali limenelo.

Anakwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa ndowa, lina pabala limene linkakoka ngati lisomoka. Pamene ankafika pakhomo, maola awiri anali atatha.

Mwana sanali kulira. Anali chete, wozizira ngati mwala wa kumtsinje. Mayi anamumanga pachifuwa, anamupumira, anamufinyira mkaka, koma mkaka unkangotsika m'mbali mwa kakamwa. Anapeza wakabaza, anathamangira kuchipatala. Anamwino omwe aja analimbana nayenso mmene analimbanira poyamba. Loweruka m'mawa mwana anatsirizika. Kaya chinali chisanu, kaya chinali chifuwa cha mayi waulemu uja, kaya zonse ziwiri, amadziwa ndi madokotala. Namwino wachikulire uja sanakalipe. Anangomuvula mwanayo kachipewa n'kukapereka m'manja mwa mayi wake. Dzina Nangozo anali asanamutche, ankadikira bambo wake.

Tsono bwerani mudzaone mudzi wa anthu opemphera ukagwira ntchito.

Uthenga utangofika, mudzi wonse unadzuka. Mayi Chimbalanga, mawondo aja ataiwalika, anaima pabwalo kugawa ntchito: awa kumjigo, awa kunkhuni, awa kukapempha ufa. Mjigo sunapume tsiku limenelo. Amayi anakwera phiri lija mondondozana, ndowa pamutu, kutsika, kukweranso, osaterereka ndi mmodzi yemwe. Anabwereka migolo iwiri n'kuidzaza. Anadzaza mitsuko, mabeseni, mapoto. Nkhuni zinaunjikidwa mpaka kufika pazenera. Wina anachapa matewera onse aja n'kuwayanika pachingwe, oyera bwino, opanda wowavala. Bambo wa mwana atatsika basi madzulo anapeza zonse zili m'malo, ndipo anathokoza mpingo ndi misozi.

Atabwerako kumanda, Nangozo anakhala m'nyumba atatsamira khoma. Manja ake ankangobwerera pachifuwa okha. Mkazi aliyense wolowa ankamubweretsera madzi akumwa. Kuchokera pamene anakhalapo ankaona ndowa yake yabuluu pakhomo, yodzaza mpaka m'milomo.

Mayi Chimbalanga analowa, anakhala naye pafupi, akulira zenizeni, chifukwa anali atamva tsopano kuti mwana anatsala yekha mayi ali kumjigo.

"Mwana wanga, bwanji simunanene? Madzi okha? Mukanangonena."

Nangozo anadzuka, anapita pakhomo, anagwira ndowa ija ndi manja awiri. Amayi anathamangira kuti amulandire, akuti bala, bala, koma iye anawakankha ndi chigongono. Anaikokera pabwalo n'kukhuthula madzi onse pansi, anthu akuona. Madzi anayenderera pa dothi lofiira mpaka kumapazi a azibambo. Kenako analowa nayo m'nyumba, anaivundikira patsogolo pa Mayi Chimbalanga, anaipukuta pamwamba ndi chitenje chake.

"Khalani, mayi," anatero. "Mawondo."

Amayi makumi awiri anakumbukira nthawi imodzi pamene ndowa ija inali Lachinayi, kumene kunaloza kukamwa kwake, ndi nkhata imene inali pambali pake. Mayi Chimbalanga sanakhalepo. Akuti mpaka imfa yawo sanakhalirenso ndowa ya munthu. Koma zimenezo sizinamutenthetse mwana.

Amayi anzanga, ndi inu abambo mwakhala kumbuyoko ngati nkhaniyi si yanu, ine bulauzi yoyera ndili nayo, ndipo mawu aja akuti chikavuta mutiuze ndawanenapo kambirimbiri. Ndi mawu okoma, salemera, satuluka thukuta. Amasenzetsa wovutika katundu wina, wa kupempha, pamwamba pa amene ali naye kale.

Chipatala chikatulutsa mwana wosakwana masiku, sikuti mwanayo wachira. Angomuchotsa m'kabokosi kagalasi n'kumupereka kwa ife. Mayi wake ali ndi chifuwa chimodzi, ndipo sangakhale kumjigo ndi pamwana nthawi imodzi. Mukapita kukamuona, nyimbo isatsogole. Suzumirani mumtsuko. Yang'anani pakhonde ngati pali nkhuni. Mwana musamupemphe kuti mumuone nkhope, mudzaiona akadzayamba kukwawa. Ngati muli bwino m'thupi, sambani m'manja, mubwereke chifuwa chanu kwa ola limodzi kuti mayi asambe, adye, atseke maso. Tsiku la sikelo mumuperekeze.

Phiri lija tonse timatha kulikwera ndi ndowa pamutu, tinaona Loweruka. Migolo iwiri sinkafunika. Inkafunika ndowa imodzi, Lachinayi.